Tepi ya Kuseka kwa Corrine

Wendell Haskew anali ndi kampani, koma analibe nsapato zosinthira. Pachitseko cha ofesi yake ku Burbank panalembedwa ndi zilembo zagolide kuti Haskew Telefilm, koma ukatsegula chitsekocho unkapeza tebulo limodzi, foni yongokhala duu ngati yafedwa, ndi fungo la matayala lochokera m'sitolo ya pansi. Munali m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene anzake a ntchito za kanema ankanenepa makosi. Iye yekha ndiye ankaboolaboola lamba kuti buluku lisagwe.

Ntchito yake inali yopanga masewero a pa kanema n'kumawagulitsa yekha, siteshoni ndi siteshoni, poti makampani akuluakulu aja sankamulola kufika ngakhale pakhonde. Anali ndi sewero limodzi lanthabwala, la banja lina lochapira anthu zovala, lotchedwa Sopo Watha. Ankalongedza matepi kumbuyo kwa galimoto yake yotsokomola n'kuuyamba: Bakersfield, Fresno, Tucson, kulikonse kumene kunali mlongoti. Akafika, bwana wa siteshoni ankaika tepi, n'kuonera pang'ono nkhope ili gwa, kenaka n'kuyasamula.

"Si loipa ayi, a Haskew. Tidzakuimbirani."

Ife amene tinakulira m'ntchito imeneyi timawadziwa mawu amenewo. Munthu akati adzakuimbira, ndiye kuti wakutsanzika mpaka kalekale.

Umphawi wokha Wendell akanaupirira. Chimene chinkamudya mtima ndi Sterling Pomeroy. Awiriwa anayambira limodzi ali anyamata, kukoka nthambo m'masitudiyo, kugawana buledi mmodzi masana. Tsopano Sterling anali ndi chinyumba cha magalasi okhaokha, masewero ake ali mbwee pa siteshoni iliyonse, ndipo akakumana ndi Wendell pamsonkhano wa ogulitsa masewero ankakuwa ali patali kuti aliyense amve.

"Aise Wendell! Sopo uja sanathebe? Koma ndiye ngwokhalitsa!"

"Tikuyesetsa."

"Ukatopa ubwere kwanga, ndikusowa woyang'anira poimika magalimoto. Ndikucheza, aise, usatupe!"

Anthu ankaseka. Nthabwala imodzi ya Sterling inkaseketsa anthu ambiri kuposa sewero lonse la Wendell, ndipo zimenezo Wendell ankapita nazo kunyumba zili khale pakhosi.

Kunyumbako kunali Corrine, mkazi wake, amene ankagawa chakudya kwa ana pasukulu ina ya pulayimale. Mayi ameneyu ankadziwa kuseka, abale. Kuseka kwake kunkayambira pansi m'chifuwa ngati akukubisa, kenaka n'kukwera, n'kuphulika, n'kumalizira ndi kaphokoso ka m'mphuno kamene mwini wake ankachita nako manyazi. Akaseka m'basi, basi yonse inkaseka osadziwa n'komwe nkhani yake. Akadya nyemba za m'chitini masiku otsatizana, iye ankaika mbale patebulo monyadira.

"Lero tasintha ndiwo, a Wendell. Ndatsegula chitini cha kumanzere."

"Ukuseka chiyani? Umphawi ndi nthabwala?"

"Nanga tizilira? Misozi sagulira nyama."

Chitsiru cha munthu! M'nyumba mwake munali chinthu chimene Sterling sakanachigula ngakhale atagulitsa magalasi ake onse, koma iye maso anali kwa eni ake.

Ku Burbank aliyense ankadziwa za a Gaspard, ngakhale panalibe wovomera kuti njira ya kwawo akuidziwa. Anali mkulu wochokera ku Louisiana, wogulitsa makandulo ndi mafuta onunkhira m'kasitolo kena pa Central Avenue. Kumaso kunali malonda, kuseri kwa katani kunali zina. Tsiku lina, atabwerako ku Fresno ndi matepi ake onse osagulidwa, Wendell sanakhotere kunyumba. Anaimika galimoto patali, dzuwa lili paliwombo, n'kulowa m'kasitolomo akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku.

"Khalani pansi, a zakanema," anatero mkuluyo asanafunse n'dzina lomwe.

"Mwadziwa bwanji ntchito yanga?"

"Nonse mumanunkha mofanana. Fodya, khofi ndi kaduka. Mukufuna chiyani?"

"Ndikufuna sewero langa ligulidwe. Kulikonse. Ndikufuna Pomeroy azindivulira chipewa."

"Ndi sewero lanji?"

"Lanthabwala."

"Anthu amaseka?"

Wendell anayang'ana nsapato zake.

"Ndiye mulibe sewero, muli ndi maliro," anatero a Gaspard. "Tamverani, mwananga. Ine sindilenga kanthu, ndimangosamutsa. Ndichotsa apa, ndiika apo. Mundibweretsere kuseka kwa munthu, ine ndikukonzerani kuti aliyense wokumva agwe nako pansi."

"Tengani kwanga."

Wendell anayesa kuseka pomwepo. Mkuluyo anatseka khutu ndi chala.

"Kumeneko ngakhale galu sangakununkhize. Kunasasa kalekale."

"Ndilemba anthu aganyu, adzaze holo, aseke tsiku lonse."

"Kogula sikugwira. Chizimba chake ndi ichi: munthu wokukondani, amene amaseka chifukwa cha inu. Mumuseketse nokha, mumujambule pa tepi iye osadziwa. Alipo woteroyo?"

Kunja kunadutsa basi.

"Alipo," anadziyankha okha a Gaspard. "Ndaona mmene mwamezera malovu."

"Chidzamuchitikire n'chiyani?"

"Chitsime chimatani anthu akamatunga? Nthawi iliyonse kusekako kukamveka pa kanema, ndiye kuti mwatunga. Poyamba sadzazindikira n'komwe."

"Nanga chikauma?"

"Musadikire kuti chiume. Tsiku limene dzuwa lidzatuluke mpaka kukalowa kuseka kumeneko kusanamveke pa kanema aliyense, chitsime chidzadzazanso, chuma chanu n'kuphwa. Khomo lotulukira ndi limenelo. Lina kulibe."

Apa ndi pamene Wendell anadzinamiza, ndipo anadzinamiza ngati munthu wodziwa ntchito yake. Anati mumtima: masewero amafa tsiku ndi tsiku, kupha sewero ndi ntchito ya foni imodzi. Matepi ndi anga. Chaka chimodzi chokha, ndiime pa miyendo yanga, kenaka ndilichotsa, Corrine sadzadziwa kanthu.

"Inuyo ndikulipirani bwanji, bambo?"

"Ine? Mugule kandulo imodzi potuluka. Wolipira ndi wina."

Lamlungu lotsatira Wendell anabisa makina ojambulira mawu kuseri kwa mapoto. Anamanga epuloni ya mkazi wake, n'kuvala chisoti chake cha kusukulu, n'kuyamba kutsanzira mmene Corrine amagawira mbatata kwa ana: uyu pang'ono, uyu watukwana dzulo alandira msuzi wokha, uyu ndi mwana wa ahedi apatsidwe kawiri. Corrine anayamba wadabwa, poti mwamuna wake anali atasiya kalekale zocheza. Kenaka kuseka kuja kunabwera. Kunayambira pansi, kunakwera, kunaphulika mpaka mayi anagwira firiji kuti asagwe, misozi ili chuchuchu.

"Inu a Wendell, siyani, nthiti zanga! Koma ndiye mwabwerera, amuna anga. Ndinakusowanitu."

Anamukumbatira. Wendell anamukumbatiranso, khutu lili kumapoto kumvetsera ngati tepi ikuzungulira. Ine zimenezi zimandinyansa mpaka lero.

A Gaspard anaifukiza tepi ija, anaidzoza mafuta, n'kuibweza. Wendell anapita nayo kwa a Elmo Stroud. Masiku amenewo masewero anthabwala ambiri sankajambulidwa pamaso pa anthu. Kuseka kunkaikidwa pambuyo, ndipo mwini ntchito imeneyo anali a Stroud. Anali ndi chibokosi chokhala ndi mabatani ngati limba la m'tchalitchi, chodzaza ndi timatepi ta anthu akuseka, ndipo ankachikankha pa kangolo kuchoka situdiyo iyi kupita iyo, loko ali pakhomo pake. Akadina apa aseka amuna, akadina apo aseka amayi.

A Stroud anamvetsera tepi ya Wendell kamodzi, n'kuibwezanso. Munthu amene ankakhalira kumva kuseka tsiku lonse nkhope ili ndwii, tsiku limenelo anaonetsa mano.

"Ameneyu mwamutola kuti?"

"Ingomuikani m'magawo onse, pamwamba pa enawo."

"Musiye tepiyo, mudzatenge mawa pamodzi ndi ntchito yanu."

Ku Fresno komwe kuja, bwana yemwe uja anaika tepi akuyang'ana wotchi. Nthabwala zinali zomwe zija, zozizira ngati phala la dzulo. Koma kuseka kwa Corrine kutangomveka, bwana anayamba kugwedera mapewa, kenaka anamenya tebulo, kenaka anatsamwa ndi khofi mpaka mlembi wake anathamangira kudzamumenya pamsana. Anasaina tsiku lomwelo. Tucson inasaina. Foni ija inasiya kufedwa, inkalira mpaka kutentha. Pasanathe chaka Sopo Watha ankaoneka kuyambira ku Seattle mpaka ku Miami, ndipo Haskew Telefilm inasamuka pamwamba pa matayala n'kulowa m'nyumba yakeyake, ya magalasi, yoposa ya Sterling ndi nsanjika imodzi. Nsanjika imeneyo Wendell anaiwonjezera dala.

Sterling anabwera yekha kudzamuona, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, tiuzeniko chinsinsi. Sewero lija ine ndikaliwerenga papepala silindiseketsa, koma ndikaliona pa kanema ndimalira ndi kuseka."

"Sopo wabwino sachedwa kuchita thovu, aise. Ukatopa ubwere, poimika magalimoto pakufunika munthu."

Anagula nyumba ku Encino yokhala ndi dziwe losambiramo. Corrine anasiya ntchito ya kusukulu. Ndipo kunali kumeneko, m'khitchini yaikulu ngati holo, kumene Wendell anaona koyamba. Mlongo wake wa Corrine anabwera kudzacheza n'kunena nkhani ina yoseketsa ya kwawo. Corrine anatsegula pakamwa, mapewa anakwera, koma munangotuluka mpweya. Anagwira pachifuwa modabwa.

"Iii, kwandithawa. Mwina ndi chimfine."

Chaka chija chinali chitakwana. Apa mpamene munthu wanzeru akanaimba foni ija yophera sewero. Koma Wendell anawerengera magawo ake n'kupeza kuti atsala pang'ono kufika zana, ndipo aliyense m'ntchito yathu amadziwa tanthauzo la zana. Sewero likafika pamenepo masiteshoni amaligula kuti azilibwereza tsiku lililonse, osati kamodzi pa mlungu, ndipo m'pamene pali chuma chenicheni, chodya ndi adzukulu omwe. Ndani angaphe ng'ombe ili pafupi kubereka? Anati ndidikire pang'ono. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Zana linakwana. Wendell anasaina mapangano a zaka zambirimbiri, osawawerenga n'komwe bwino, poti m'manja munkayabwa. Matepi anakoperedwa miyandamiyanda. Siteshoni ikatha kuonetsa inkatumiza tepi ku siteshoni ina, iyonso kwina, osabwereranso ku Burbank. Sewero linawoloka malire kupita ku Canada, linapita ku Mexico kumene anachotsa mawu a osewera n'kuikamo a Chisipanishi. Mawu anasintha, koma kuseka anakusiya momwemo, poti kuseka sikufuna womasulira. Mmawa Corrine ankaseka ku Boston, masana ku Denver, madzulo ku Monterrey. Chitsime chinkatungidwa ndi zidebe zikwizikwi.

M'nyumba ya ku Encino munayamba kuzizira. Kumwetulira kunatsatira kuseka. Kenaka chakudya chinasiya kukoma. Corrine ankakhala pampando pafupi ndi zenera, manja ali pamiyendo, zovala zikumukulira mwezi ndi mwezi. Madokotala anamuyeza magazi, anamujambula chifuwa, anamupatsa mapiritsi a mitundumitundu, onse n'kumaliza ndi mawu amodzi: sitikupeza kanthu.

"Mutu ukudziwa kuti ichi n'choseketsa," anamuuza mwamuna wake tsiku lina. "Ndikuchiona ndithu. Koma ndikapisa m'chifuwamu kuti nditenge, mulibe. Muli ngati m'nyumba yosamukamo."

Chimene chinamulasa Wendell chinachitika masana ena atabwera msanga kuntchito. Anapeza Corrine akuonera Sopo Watha yekhayekha. Munthu sadziwa mawu ake akamveka pa makina, ndipo Corrine sanadzizindikire. Analoza kanemayo ndi chala chowonda.

"Pali mayi wina amaseka kumbuyoku. Mumamudziwa? Ndimatsegula kuti ndizimumva iyeyo. Ndimamusirira, a Wendell. Mwamuna wake ngwodala."

Wendell anatuluka osavula jekete, n'kuyendetsa galimoto mpaka ku Central Avenue.

"Bambo, mubwezereni. Ndikupatsani chilichonse. Nyumba, kampani, tengani."

"Ndizitani nazo ine? Ndinakuuzani, sindisunga kanthu. Zili kwa anthu amene akuseka."

"Pangani mankhwala ena!"

"Khomo ndinakuonetsani musanalowe. Tsiku limodzi lokha, kutuluka kwa dzuwa mpaka kulowa. Mwayesa?"

"Ndiyesa mawa lomwe."

"Fulumirani," anatero a Gaspard akupukuta botolo. "Ndikumva chidebe chikukhula pansi."

Mawa lake Wendell anaitana antchito ake n'kuwauza kuti Sopo Watha achotsedwe paliponse. Anamuyang'ana ngati wavula pamsika. Loya wa kampani anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Bwana, sewerolo si lanunso kuti mungalichotse. Munalibwereketsa, ndipo munasaina nokha. Aliyense ali ndi ufulu woulutsa mpaka pangano lake lithe."

"Ndiye tiwagule mapanganowo."

"Onse? Mukudziwa kuti mukunena chiyani?"

"Ndati onse!"

Ntchito ya foni imodzi ija inasanduka ya zaka ziwiri. Koma abale, munthu sanavutikepo kugula chinthu chake chomwe ngati mmene anavutikira Wendell. Mabwana omwe aja ankayasamula kale, tsopano ankakakamira sewerolo ngati nkhupakupa.

"A Haskew, mwadwala? Otsatsa malonda amalimbirana nthawi imeneyi. Ndikalichotsa, amayi a m'tauni muno andiotchera siteshoni."

"Nenani mtengo."

"Tidzakuimbirani."

Ena anamutengera kukhoti. Ena analandira ndalama n'kupitiriza kuulutsa, amvekere tepi inatsalira m'kabati sitinaione. Kasiteshoni kena ka ku Montana kanali katakopera matepi mwakuba, ndipo Wendell anayenda ulendo wonsewo pa chipale chofewa kukawalanda ndi manja ake. Tepi iliyonse ikafika ku Burbank ankaipititsa yekha pa makina ofufutira, osakhulupirira munthu. Masewero ena amene kampani inali itapanga anawagulitsa kwa Sterling pa mtengo wa nkhuku. Nsanjika yapamwamba ija inapita, zinzake zinatsatira. Antchito anabalalika akutukwana. Nyumba ya ku Encino inapita ndi dziwe lake. Nyuzipepala za ntchito yathu zinalemba kuti Haskew wapenga, akuwotcha munda wake womwe uli ndi chimanga.

Nthawi yonseyi Corrine ankangotha. Anamugoneka m'chipatala china ku Glendale, m'chipinda cha anthu awiri, poti cha yekha panalibenso cholipirira. Ankalankhula mawu awiri kapena atatu pa tsiku.

Pomaliza siteshoni yotsiriza, ya ku Monterrey, inabweza matepi ake. Wendell anawafufuta, n'kutseka chitseko cha Haskew Telefilm komaliza, makiyi n'kupereka kwa eni nyumba. Analibe kanthu, koma anayenda mopepuka ngati mwana. Dzuwa lisanatuluke anali kale pampando pafupi ndi bedi la mkazi wake, atagwira dzanja lake.

"Lero uchira, Corrine. Ungopirira mpaka madzulo."

Corrine anatembenuzira maso kudenga.

Mmawa unadutsa. Wendell ankangosuzumira pazenera kuona pamene dzuwa lafika, n'kubwerera kudzayang'ana milomo ya mkazi wake ngati yayamba kusuntha. Chakumasana mayi wa bedi linalo, wothyoka mwendo, anapempha namwino kuti amutsegulire kanema. Wendell sanadandaule. Sopo Watha kunalibenso padziko. Pa kanemapo panali sewero la Sterling, la apolisi awiri opusa. Wapolisi wina anagwera m'dramu la zinyalala.

Ndipo kunamveka. Kunayambira pansi, kunakwera, kunaphulika, n'kumalizira ndi kaphokoso ka m'mphuno.

Mayi wothyoka mwendo anaseka mpaka bedi linagwedera. Wendell analumpha n'kupotokola batani kupita pa siteshoni ina. Kumeneko kunali sewero la banja la mlimi, la kampani inanso. Sipanapite nthawi, kuja kunamvekanso. Anapotokolanso. Sewero la ana, zidole zikumenyana ndi mapoto, ndipo pamwamba pa ana onse oseka panali mkazi wake.

Anathamanga kukafuna a Stroud, n'kuwapeza ku situdiyo ina, atakhala pa chibokosi chawo akudya chakudya cha masana. Wendell anawagwira pakhosi pa malaya.

"Munachita chiyani ndi tepi yanga?"

"Taleka, iwe, ung'amba malaya! Tepi yako ndinakubwezera."

"Nanga mkazi wanga akutani m'sewero la Pomeroy?"

"Ndi mkazi wako amene uja? Ha! Ndiye ukamuthokoze, wandidyetsa zaka zonsezi." A Stroud anakonza kolala yawo modabwa kuti munthu akukwiyira chiyani. "Iwe wakulira m'ntchito muno, usadzipusitse. Kuseka kwabwino sititaya. Kukadutsa m'manja mwanga ndimakopera, kulowa m'bokosi. Umaganiza kuti enawa ndinawatenga kuti? Muli anthu muno anaikidwa m'manda kalekale, akusekabe Lachiwiri lililonse."

"Mwamuika m'masewero angati?"

"Ndani amawerenga? Onse amene ndagwirapo chiyambire tsiku lija. Sewero likakhala lozizira ndimadina iyeyo, limadzuka. Anzanga a ku New York anandipempha, ndinawagawirako."

"Mumuchotse. Ndikugwadirani, a Stroud, mumuchotse."

"M'bokosimu ndingamuchotse lero lomwe. Koma m'masewero a eni ake? Anasakanizidwa kale ndi mawu ena onse, matepi ali dziko lonse. Ungachotse mchere m'ndiwo zakupsa?"

Wendell ankaudziwa mwambo umenewo. Ankaudziwa bwinobwino chiyambire ali mnyamata wokoka nthambo. Tsiku lija anasiya tepi kuti adzatenge mawa, mutu wake unali ku Fresno, ndipo sanaganizeko. Anagwetsa kampani yonse kutseka khomo lakumaso, pamene khomo lakuseri linali pululu kuyambira tsiku loyamba.

Anabwerera ku Glendale dzuwa litapendeka. Anakoka katani pakati pa mabedi awiri aja, anagwada pansi, n'kuulula zonse: za a Gaspard, za makina kuseri kwa mapoto, za zana limene anadikira. Corrine anamvetsera maso ali kudenga.

"Ndiye kuti tsiku lija munavala epuloni yanga," anatero ndi mawu a pansipansi, "simunabwerere ayi. Munabwera kudzatenga."

"Ndikhululukire, Corrine."

"Ndipo mayi uja ndimamusirira ndine ndemwe."

"Ndiwe."

Corrine anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kumuyang'ana. M'maso mwake munalibe mkwiyo, munalibe chilichonse.

"Koma ndiye n'zoseketsatu zimenezi, a Wendell. Ndikanakhala nako, ndikanaseka."

Sanalankhulenso. Anamwalira mlungu womwewo, masana, kuseri kwa katani kanema akulira.

Pamaliro anthu anali ochepa. Wendell sanagwetse msozi, ndipo ena anati ndi wouma mtima. Koma patangopita masiku anayamba kulowa m'masitolo ogulitsa makanema n'kumazula nthambo kukhoma, mmodzimmodzi, mwaulemu, akupepesa kwa ogulitsa. Kenaka anayamba kugogoda m'makomo mwa anthu nthawi ya chakudya chamadzulo.

"Pepani, zimitsaniko pang'ono. Mkazi wanga watopa."

Ena ankamupatsa khofi, ena ankamuitanira apolisi. Ataswa zenera la bala ina ndi njerwa chifukwa eni ake anakana kumumvera, khoti linamutumiza ku chipatala cha odwala misala. Kumeneko, m'chipinda chochezera, kanema anamukhomera pamwamba pafupi ndi denga, m'kati mwa chikhola cha waya kuti odwala asamufikire, ndipo ankatsegulidwa kuyambira mmawa mpaka nthawi yogona poti ankati amawakhazika mtima pansi. Wendell anakhala zaka zake zotsala pansi pa chikhola chimenecho, akudumpha, zala zikungokhudza waya, anzake akuseka pamodzi ndi mkazi wake.

Mbiri ya Haskew Telefilm ndi imeneyo. Sopo Watha simungamupezenso kulikonse, mwini wake anafufuta gawo lililonse, ndipo pamalo pa nyumba ya magalasi ija lero amatsukirapo magalimoto.

Inu amene mukuona kuti za anzanu zikuyenda pamene zanu zaima, gwirani mtima. Chuma chokhwimira salipira ndi ndalama, amalipira ndi munthu, ndipo munthuyo amakhala yemwe uja amakudikirani kunyumba ndi nyemba za m'chitini. Aliyense wolowa kuseri kwa katani amati ine ndine wochenjera, ndidzatuluka nthawi yabwino. Dyera silidziwa nthawi yabwino. Wendell anafuna kuti dziko lonse liseke, dziko linasekadi, ndipo m'nyumba mwake mokha ndi mmene munakhala chete.